Mafunso ndi mayankho: kumeta ndevu ndi lumo lopinda kwa amene angoyamba kumene

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri pakati pa abale athu olankhula Chichewa kuno ku Harare, kuyambira ku Mbare ndi ku Highfield mpaka ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa. Ena analandira lumo kuchokera kwa bambo awo, ena anachita kugula ataona wometa waluso akuligwiritsa ntchito, koma ambiri mwa iwo amadandaula chimodzimodzi, kuti lumolo limakoka ndevu, limasiya nkhope ikuwotcha, kapena limabweretsa ziphuphu m'khosi. Mavuto onsewa ali ndi zoyambitsa zodziwika, ndipo pafupifupi zonse zimatha munthu akaphunzira kupepuza dzanja lake.

Kodi lumo lopinda ndi lofanana ndi lija timaona kometera tsitsi?

Maonekedwe ake ndi ofanana, koma ndi zida ziwiri zosiyana. Lumo lopinda lenileni ndi chitsulo chimodzi chokhala ndi msana wonenepa ndi mbali yakuthwa yopyapyala kwambiri, ndipo chimapindika n'kulowa m'chogwirira chake. Lumo lotere silitayidwa, limangonoledwa, ndipo likasamalidwa limatha kutumikira mibadwo ingapo. Mizinda imene inatchuka popanga malumo amenewa ndi Sheffield ku England, Solingen ku Germany ndi Thiers ku France, ndipo anayamba kuchepa m'nyumba za anthu pambuyo poti King Camp Gillette walandira chikalata cha umwini (patent) cha lumo lake la malezala otaya mu 1904.

Chimene ometa ambiri m'makomboni athu amagwira ndi shavette, chogwirira chimene amalowetsamo theka la lezala wamba n'kulitaya akamaliza kumeta munthu mmodzi. Shavette ndi yotsika mtengo ndipo siifuna kunola, choncho si kulakwa kuyambira pamenepo. Dziwani chabe kuti ndi yopepuka kwambiri, ngodya za lezala lake ndi zosongoka, ndipo imacheka msanga kuposa lumo lenileni dzanja likangolakwitsa pang'ono.

Ndigule lumo lotani poyamba?

Kukula kwa lumo, kuchokera kumsana kufika ku mbali yakuthwa, kumayezedwa pogawa inchi m'magawo asanu ndi atatu, ndipo loyenera wophunzira ndi la 5/8 kapena 6/8, chifukwa limalowa bwino pansi pa mphuno koma lili ndi kulemera kokwanira kuti lisamadumphe. Sankhani la nsonga yozungulira. La nsonga yamakona anayi limathandiza akatswiri kudula malire a ndevu, koma kwa inu lidzakubayani pafupi ndi khutu kangapo musanazolowere. Makampani monga Dovo, Böker ndi Thiers-Issard ndi odziwika pa ntchito imeneyi. Malumo otchipa kwambiri opanda dzina, onyezimira ngati zokongoletsera, nthawi zambiri amapangidwa ndi chitsulo chosalimbitsidwa bwino chimene sichisunga kuthwa ngakhale chinoledwe ndi katswiri, ndipo ndikukulangizani kuti musataye ndalama zanu pa iwo.

Ndingadziwe bwanji kuti lumo langa ndi lakuthwa mokwanira?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa lumo latsopano silikhala lokonzeka kumetera nthawi zonse pamene likuchoka kufakitale, ndipo wophunzira amene wayamba ndi lumo lobuntha amadziimba mlandu pa vuto limene si lake. Nyowetsani pang'ono tsitsi la pamkono ndipo yendetsani lumo mopepuka. Ngati likudula popanda kukoka, muli ndi chiyembekezo. Umboni weniweni uli pa tsaya: lumo labwino limadutsa ndevu zofewetsedwa ndi kaphokoso kouma, osakupangitsani kutsinzina. Musaliyese podula pepala, ulusi kapena chikhadabo, pakuti mbali yakuthwayo ndi yopyapyala moti zinthu zimenezi zimaiwononga nthawi yomweyo.

Nkhope ndiikonze bwanji ndisanayambe?

Aliyense amene analimapo akudziwa kuti khasu limalowa mosavuta m'nthaka imene yamwa mvula, ndipo ndevu nazo zimatero. Tsitsi limamwa madzi n'kufewa, koma limafuna mphindi zitatu kapena kuposerapo lili lonyowa, choncho nthawi yabwino yometera ndi mukangomaliza kusamba. Ngati simukusamba, sambitsani nkhope ndi sopo wofewa kuti mafuta ndi fumbi zichoke, kenako ikani thawulo lonyowa ndi madzi ofunda pankhope, n'kulinyowetsanso likazizira. Madziwo akhale ofunda, osati otentha owotcha, chifukwa khungu lopsa limatupa ndipo lumo limalikanda mosavuta.

Thovu la lumo lopinda liyenera kukhala lonyowa ndi loterera, lonyezimira pang'ono, osati lofufuma ndi louma. Thovu la m'chitini limaoneka lochuluka koma siliterera mokwanira, ndipo sopo wochapira zovala amaumitsa khungu. Pezani sopo kapena kirimu wometera pamodzi ndi burashi, muviike burashiyo m'madzi, muitikite pa sopo, ndipo muzionjezera madzi pang'onopang'ono mpaka thovu litaterera pakati pa zala zanu. Pano pali chinthu chimene malangizo ochokera kunja satchula: mzinda wa Harare uli pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo kuyambira mu June mpaka mu October mpweya umakhala wouma kwambiri. Wophunzira amameta pang'onopang'ono, choncho akamamaliza tsaya limodzi amapeza thovu la tsaya linalo litauma n'kuyamba kuyoyoka. Pakani mbali imodzi yokha, muimete, kenako mupake inayo. Amene mumagwiritsa ntchito madzi a pamjigo mungaone kuti m'madera ena sopo sachita thovu msanga. Onjezerani sopo pa burashi, ndipo vutolo lidzachepa.

Kuwala nakonso ndi gawo la kukonzekera. Magetsi akathima m'mawa, tengani galasi mupite nalo pawindo kapena pakhonde. Musamete ndi kandulo kapena ndi tochi ya foni.

Lumo limagwiridwa motani?

Tsegulani lumo mpaka chogwirira chitadutsa msana n'kuloza m'mwamba. Chala chachikulu chikhale pansi pa khosi la lumo, ndiko kuti kachigawo kosathwa kamene kali pakati pa mbali yakuthwa ndi msomali wopindira, ndipo zala zitatu zotsatira zikhale pamwamba pa khosilo. Chogwirira chidutse pakati pa chala chachinayi ndi kachala kakang'ono, ndipo kachalako katsamire pa kamchira kopindika. Mudzasintha kagwiridwe aka malinga ndi malo amene mukumeta, koma chala chachikulu chisachoke pa khosi la lumo. Zala zikhale zouma nthawi zonse, ndipo lumo likapulumuka m'manja musayese kuliwakha. Bwererani m'mbuyo mulisiye ligwe.

N'chifukwa chiyani nkhope imandiwotcha ndikamaliza kumeta?

Zifukwa zazikulu ndi ziwiri, kupendekera kwa lumo ndi kulemera kwa dzanja. Ambiri amanena za madigiri 30, koma palibe amene amameta ndi choyezera m'manja, choncho njira yosavuta ndi iyi: gonekani lumo pa tsaya kuti msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze khungu, kenako kwezani msana pang'ono, pafupifupi kunenepa kwa msanawo kawiri. Mukakweza mopitirira, lumo limasiya kudula n'kuyamba kupala khungu, ndipo kupala kumeneko ndiko kumakuwotchani madzulo onse. Mukaligoneka kwambiri limangodutsa pamwamba pa ndevu n'kumazikoka. Ophunzira ambiri amalakwira mbali yokweza, makamaka akafika pokhota nsagwada, pamene nkhope yatembenuka koma dzanja likadali pamene linali.

Za kulemera kwa dzanja, tonse tinakulira pa malumo apulasitiki amene amafuna kukanikizidwa, ndipo dzanja limabwera ndi chizolowezi chimenecho. Ndi lumo lopinda lingalirani kuti ntchito yanu ndi kuchotsa thovu pankhope basi, ndipo ndevu zidzachoka nalo pamodzi. Yendetsani lumo pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo liyambe kuyenda lisanakhazikike pakhungu, chifukwa kuika mbali yakuthwa pakhungu n'kuima poganizira kochita ndiko kumasiya timizere tamagazi. Lumo liyende kutsogolo kumene mbali yakuthwa yaloza, lisayende cham'mbali motsata utali wake, pakuti kumeneko ndi kucheka. Likakakamira pa ndevu musalikankhe. Lichotseni, pakaninso thovu, chepetsani kupendekera, muyambirenso. Musabwereze pamalo pamene thovu lachoka kale.

Ndimete nkhope yonse tsiku loyamba?

Ayi. Masiku oyamba metani tsaya la mbali ya dzanja lanu lamphamvu lokha, kuchokera pafupi ndi khutu kutsika mpaka pa nsagwada, ndipo kwina konse mumalize ndi chometera chimene munazolowera. Tsaya limenelo likayamba kutuluka bwino popanda kuwotcha, onjezerani tsaya linalo, kenako khosi, ndipo chibwano ndi mlomo wapamwamba zikhale zomalizira. Sankhani tsiku limene simukuthamangira kombi yopita kutauni, monga Loweruka masana. Kumeta koyamba sikudzasalala ngati kwa lumo lanu lakale, ndipo anthu ambiri amatenga milungu ingapo, ena miyezi, dzanja lisanakhazikike.

Ndimatuluka ziphuphu m'khosi ndikameta. Kodi lumo lopinda lingathandize?

Ili ndi funso limene ndikufuna muliwerenge mofatsa, chifukwa limakhudza amuna ambiri a mtundu wathu. Ndevu zathu ndi zopotana. Tsitsi lopotana likadulidwa limakhala ndi nsonga yakuthwa, ndipo pomera limakhota n'kubaya khungu, kapena, ngati linadulidwa pansi kwambiri, limaboola m'mbali lisanatuluke n'komwe. Thupi limalimbana ndi tsitsilo ngati chinthu chachilendo, ndipo zotsatira zake ndi ziphuphu zoyabwa, mawanga akuda, ndipo kwa ena zipsera zotupa zimene sizichoka. Madokotala amatcha vutoli pseudofolliculitis barbae. Malumo a malezala atatu kapena asanu amalikulitsa chifukwa lezala loyamba limakoka tsitsi ndipo lotsatira limalidula lisanabwerere. Lumo lopinda lili ndi mbali yakuthwa imodzi yokha, choncho lingathe kuthandiza, koma pokhapokha mutaligwiritsa ntchito modziletsa, pakuti nalonso limatha kumeta pansi kwambiri.

Choyamba, dziwani kumene ndevu zanu zimalowera. Zisiyeni masiku awiri kapena atatu, kenako yendetsani chala pankhope: kumene chala chikuterera ndiko ndevu zagonera, ndipo kumene chikukanda ndiko kotsutsana nazo. Pa masaya nthawi zambiri zimatsika, koma m'khosi zimatha kuyenda cham'mbali, kukwera, ngakhale kuzungulira pamalo amodzi, ndipo mbali ziwiri za khosi sizifanana kawirikawiri. Malangizo ambiri a pa intaneti amati mumete katatu, motsata ndevu, mopingasa, kenako motsutsana nazo. Njira imeneyo inakonzedwa ndi anthu a tsitsi lowongoka. Kwa munthu amene amatuluka ziphuphu, langizo langa ndi lakuti amete kamodzi motsata ndevu, ndipo khungu likalola aonjezere kamodzi mopingasa pa masaya okha, koma asamete motsutsana nazo m'khosi.

Chachiwiri ndi kukoka khungu. Lumo lopinda limafuna malo osalala, choncho dzanja linalo liyenera kugwira khungu kumbuyo kwa lumo kuti lisachite makwinya. Koma mukakoka mwamphamvu tsitsi limatuluka mopitirira, limadulidwa, ndipo mukasiya khungu limabwerera n'kukwirira nsongayo. Kokani mongokwanira kuti khungu liwongoke. Mukamaliza, chala chikamamva tindevu pang'ono poyenda motsutsana nazo, musabwererepo. Pamenepo ndiye pabwino.

Ngati ziphuphu zilipo kale, musamete pamwamba pake. Siyani kumeta kwa milungu itatu kapena inayi kuti tsitsi likule n'kudzimasula lokha, ndipo pa nthawiyo mungathe kudula ndi makina osiya kandevu kakafupi. Tsitsi limene likuoneka litapinda n'kulowa m'khungu mungalitukule nsonga ndi singano yoyera, koma musalizule. Ziphuphu zikakhala ndi mafinya, kapena zikayamba kusanduka zipsera zolimba, pitani kuchipatala. Alipo amuna ena amene khungu lawo silivomera lumo la mtundu uliwonse, ndipo kwa iwo kusunga ndevu zodulidwa bwino n'kumangokonza malire ake ndi chisankho chanzeru.

Nanga chibwano, pansi pa mphuno ndi pakhosi pamene pali fupa?

Pachibwano ndi pamene ndevu zimalimba kwambiri ndipo palibe malo athyathyathya, choncho chigaweni m'tizigawo ting'onoting'ono, mugwiritse ntchito pakati pa lumo, ndipo muzisintha kupendekera pamene chibwano chikukhota. Kukankha mlomo wam'munsi ndi lilime kuchokera m'kati kumawongola kadzenje kamene kali pansi pa mlomo. Pansi pa mphuno, tukulani nsonga ya mphuno ndi chala, pindani mlomo wapamwamba pa mano, ndipo popeza lumo limayamba litaimirira chifukwa cha kuchepa kwa malo, ligonekeni msanga likangoyamba kuyenda. Pa nsagwada, kokerani khungu m'mwamba kuti malo okhotawo akwere pa tsaya. Pa fupa la pakhosi musadutsepo mwachindunji. Kokerani khungu cham'mbali kuti lichoke pa fupalo, mumete, kenako mukokere mbali inayo.

Kodi ndiyenera kuphunzira kumeta ndi dzanja lamanzere?

Si lamulo. Amene amasintha manja amaona bwino pagalasi chifukwa mkono sutchinga maso, ndipo n'kosavuta kuphunzira zimenezi poyamba pomwe kusiyana ndi pambuyo pake. Komabe alipo ambiri amene amameta bwino ndi dzanja limodzi moyo wawo wonse.

Lamba wachikopa ndi wa ntchito yanji, ndipo amagwiritsidwa bwanji?

Nthawi iliyonse mukameta, mbali yakuthwa imapindikapindika pang'ono mosaoneka ndi maso, ndipo lamba amaiwongola ndi kuisalaza. Chitani zimenezi musanamete, tsiku lililonse lometa. Kolekani lambayo pa chinthu cholimba, mumukoke kuti awongoke, ndipo gonekani lumo kuti msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze chikopa. Likokeni msana uli patsogolo, mbali yakuthwa ikutsatira. Mukafika kumapeto, tembenuzani lumo mogubuduza pa msana wake, osati pa mbali yakuthwa, ndipo mubwerere. Maulendo 40 mpaka 60 opita ndi kubwerera ndi okwanira. Liwiro lilibe phindu pano, ndipo kukanikiza kapena kulola lamba kulendewera kumabunthitsa lumo limene linali lakuthwa. Ophunzira ambiri amacheka lamba wawo woyamba potembenuza, choncho yambani ndi wotsika mtengo, ndipo mungathe kuzoloweretsa dzanja ndi mpeni wopakira majarini. Lamba wa thalauza wokhala ndi ulusi, mabowo kapena zojambula sayenera.

Kunola kumachitika liti, ndipo ndingapite nalo kwa onola mipeni?

Lumo likamakokabe ngakhale mwaliyendetsa bwino pa lamba, nthawi yonola yakwana, ndipo kwa ambiri zimenezi zimachitika pakapita miyezi ingapo. Amisiri onola mipeni, nkhwangwa ndi makasu, monga amene amapezeka ku Siyaso ku Mbare, amadziwa ntchito yawo, koma makina awo ndi a zida zolimba. Gudumu lonolera limadya chitsulo chopyapyala cha lumo m'kanthawi kochepa, ndipo kutentha kwake kumafewetsa chitsulocho moti sichidzasunganso kuthwa. Lumo limanoledwa ndi manja pa miyala yosalala yonyowetsedwa ndi madzi, imene nambala yake ikamakwera ndiye kuti ndi yosalala kwambiri, kuyambira wa nambala 1000 wokonzera mbali yakuthwa, kupita ku 4000 ndi 8000, ndipo ena amamalizira pa 12000 kapena pa mwala wachilengedwe monga coticule wa ku Belgium. Pamwala lumo limagona lonse, msana ukukhudza, koma mbali yakuthwa ndiyo imatsogola, mosiyana ndi pa lamba. Ndi luso lapadera, ndipo sindikulangizani kuliphunzira pamodzi ndi kumeta, chifukwa zikalakwika simudzadziwa ngati vuto lili pamwala kapena pa dzanja. Ngati simunapeze wonola malumo, gwiritsani ntchito shavette pamene mukuphunzira kunola pa lumo lina lakale.

Ndadzicheka. Nditani?

Tsukani ndi madzi ozizira ndipo kanikizani ndi kansalu koyera kwa mphindi zingapo osasuzumira. Timabala ting'onoting'ono timatsekeka ndi mwala wa alum kapena kapensulo koletsa magazi, zimene zimapezeka m'masitolo ena a mankhwala. Zimaluma pang'ono koma zimagwira ntchito. Bala likakhala lakuya, lotseguka, kapena magazi akapitirira kutuluka patatha mphindi 10 mukukanikiza, pitani kuchipatala. Amene mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, kapena manja anu amanjenjemera, funsani dokotala musanayambe kumeta ndi lumo lotere. Mukamaliza kumeta kulikonse, sambani ndi madzi ozizira, mupukute mosakhula, ndipo mudzole mafuta ofewetsa khungu. Spiriti imaumitsa khungu limene lakandidwa kale, makamaka m'nyengo yozizira.

Kodi ndingabwerekane lumo ndi mchimwene wanga?

Ayi, ngakhale mutakhala a mimba imodzi. Lumo limakhudza magazi ngakhale pamene simukuona bala, ndipo matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C amafala kudzera m'magazi, chimodzimodzinso HIV. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7, ndipo munthu angathe kukhala nako zaka zambiri osadziwa. Kometera, muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti wometa atsegule lezala latsopano inu mukuona, ndipo wometa wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi pempho limeneli. Lumo logula kwa munthu wina litsukeni ndi sopo, mulipukute ndi spiriti ya kuchipatala, ndipo linoledwe musanaligwiritse ntchito.

Ndiliteteze bwanji ku dzimbiri?

Malumo ambiri ndi a chitsulo cha carbon steel, chimene chimanoleka bwino koma chimachita dzimbiri msanga. Mukamaliza, tsukani mosamala kuti madzi asalowe pa msomali wopindira, pukutani kuchokera kumsana kupita ku mbali yakuthwa, ndipo lisiyeni lotsegula kwa kanthawi kuti liume musanalipinde. M'nyengo ya mvula, kuyambira mu November mpaka mu March, lipakeni kadontho ka mafuta a makina osokera ndipo musalisunge m'bafa. Potseka, yang'anani kuti mbali yakuthwa isagunde chogwirira. M'nyumba zathu zambiri anthu amakhala mothinana ndipo ana amafika paliponse, choncho lumo likhale pamalo okhoma.

Kodi n'zoona kuti kumeta pafupipafupi kumachulukitsa ndevu?

Si zoona. Lumo limadula tsitsi pamwamba pa khungu ndipo silikhudza muzu, umene ndiwo umalamula kunenepa ndi kakulidwe kake. Ndevu zongomera zimamveka zolimba chifukwa ndi zazifupi ndipo nsonga zake ndi zodulidwa. Zimakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kaya mumameta tsiku ndi tsiku kapena ayi.

Ndingayende nalo popita kumudzi?

Ngati mukukwera ndege kuchokera pabwalo la Robert Gabriel Mugabe kupita ku Lilongwe kapena kwina kulikonse, lumo lopinda ndi malezala osatsekeredwa siziloledwa m'chikwama cha m'manja, choncho ziikeni m'sutikesi yopita kumalo a katundu. Pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, likulungeni m'nsalu youma litapakidwa mafuta, mulimange kuti lisatseguke, ndipo mulilonge pakati pa zovala pamene silingagundidwe. Lamba musamupinde pakati, chifukwa mkwinya wa pachikopa suchoka. Mugonekeni m'mbali mwa sutikesi kapena mumukulunge momasuka, mbali yosalala ili kunja.